Usanamete Tsitsi Limenelo, Tadala

Tadala mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi m'mawa uno wa Lachinayi, iwe utapita ku tauni kukasaka jekete la pa kaunjika loti likakutchinjirize ku chisanu cha ku China. Kuntchito ndawauza kuti lero sindibwera, ndikuthandiza mwana kulongedza. Zoona zake n'zakuti ndakhala pakhonde ndi kope, chifukwa dzulo pakamwa panga panandichititsa manyazi, ndipo ndaona kuti mwina dzanja lingachiteko bwino.

Unangonena tili pakati pa chakudya, ngati munthu wopempha mchere: "Amayi, Lachisanu tisanapite ku bwalo la ndege ndidzadzera kwa ometa. Ndikufuna mpala." Bambo ako, amene dazi linawapeza asanandifunsire n'komwe, anafulumira kuvomereza ngati alipo anawafunsa. Akuti, "Msiyeni amete, tsitsi ndi udzu, limaphukanso." Ndinawafunsa kuti udzu wawowo ukudikira mvula ya chaka chiti. Kenako ndinatembenukira kwa iwe n'kufunsa kuti wamwalira ndani, poti kwathu ku Ntcheu mkazi wamkulu amameta mpala pakagwa maliro. Iwe sunakweze mawu. Unati, "Kumeneko kulibe inu, Amayi. Mutu umandiyabwa pakangotha masiku anayi, nsonga zimathothoka, ndipo ine sindidziwa kulisamala. Bola ndilichotse lisanakandichititse manyazi pakati pa eni dziko." Ndinanyamuka n'kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Mawu akuti "sindidziwa" aja ndi amene andikhazika pakhonde pano. Mwana wokhoza masamu mpaka anthu akutali kumuitana kuti akaphunzire uinjiniya, koma sadziwa kusambitsa mutu wake womwe. Wina analakwitsa penapake. Ndayang'ana uku ndi uku kuti ndimupeze, koma pakhonde pano ndili ndekha. Ndiye werenga mpaka kumapeto usanapite kwa ometa. Ndikuuza zonse zimene ndikudziwa, ndipo pafupifupi zonsezo ndinazidziwa nditayamba ndawononga kanthu.

Poyamba ndikuuze chimene wasenza pamutupo, chifukwa iwe sunachionepo cha kumbuyo mmene ndimachionera ine. Tsitsi lako likanyowa limadzikunga n'kuthawira m'makutu ngati la mwana wa Sitandade 3. Ndikagwira kachingwe kamodzi n'kukoka pang'onopang'ono, kamatambasuka, kamadutsa khosi, kamadutsa mapewa, kukafika pakati pa msana. Ndikakasiya, kamabwerera kwawo osatsanzika. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuona zimenezi Loweruka lililonse, ndipo mpaka lero sindinazolowere. Ine ndinaphunzira za ulimi zaka zinayi ku yunivesite, ndaona mbewu zamitundumitundu, koma sindinaonepo chomera chimene chimakula usana ndi usiku popanda feteleza, popanda khasu, n'kumabisa kutalika kwake ngati munthu wachuma wovala zigamba. Nsonga zimene ukuzinyozazo zinamera uli Folomu 1, chaka chimene tinakupezera sukulu yolola atsikana kuluka. Zalemba nawe mayeso onse. Zanyowa nawe pa siteji ya minibasi, zamwa nawe fumbi la Okutobala kasanu ndi kamodzi. Ndizo nkhalamba za pamutu pako. Nkhalamba ikauma khungu sitiithamangitsa pamudzi, timaidzoza.

Ndipo taganiza kumene ukupitako. Ukupita kudziko limene limatitumizira mawigi m'makontena. Azimayi anzanga a m'kwaya amaimba Lamulungu lililonse atavala tsitsi lochokera kumeneko, lina lofiira ngati ndevu za chimanga. Iwe ukanatsika ndege ndi lako lomera wekha, loti palibe fakitale ingalipange. Ndiye ukufuna kulisiya pansi pa mpando wa ometa a pamsika, alisesere pamodzi ndi ndevu za makondakitala. 

Ine ndinakulira ku Biwi, nthawi imene mtsikana wa sukulu sankaloledwa tsitsi lopitirira chikhadabo. Sabata yotsegulira sukulu agogo ako aamuna ankatikhazika pa ndowa yozondotsa, ine ndi amalume ako, n'kutimeta ndi sizasi mofanana, moti woyenda kumbuyo kwathu sankadziwa kuti mtsikana ndi uti. Tsitsi loyamba ndinasunga ndili ku yunivesite, ndipo ndinalilandira ngati mmene munthu wosadziwa kupalasa amalandirira njinga yatsopano. Mutu unkandiyabwa, ndipo sabata yonse ndinali nditaukanda ndi chivindikiro cha bolopeni. Loweruka mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, mtsikana wa ku Dedza wolimba mtima pa mitu ya eni, anandipaka mankhwala owongolera tsitsi aja timati relaksa. Nditayamba kumva moto, iye anati, "Ukamva kutentha ndiye kuti akugwira ntchito, pirira." Ndinapirira ngati mwana wa Angoni. M'mawa mwake tsitsi linali lowongoka bwino lomwe, koma litamatirira pa zilonda. Mwezi wathunthu ndinalowa m'kalasi nditamanga duku, anyamata akundipatsa moni wa amayi abusa. Ndiye Tadala, zikhadabo zako, mano a chipeso, bolopeni, kiyi wa chipinda, zonsezi zisafike pakhungu la pamutu pako. Pakayabwa, dinikiza ndi kofewa kwa chala n'kusisita pang'ono. Kuyabwa ndi mthenga wodzakuuza kuti khungu lada. Mthenga sitimukanda. Timamva uthenga wake n'kutereka madzi. Ndipo pamutu pamene pali bala, ngakhale laling'ono ngati njere ya mpiru, pasafike mankhwala aukali ngakhale wokupakayo akhale mnzako wa pamtima.

Nditayamba ntchito ya ulangizi kwa Njewa ndinalukitsa meshi yanga yoyamba. Wolukayo anakoka moti nsidze zinakwera, ndipo sabata yonse ndinkaoneka ngati munthu wodabwa ndi chilichonse. Ndinaisunga miyezi itatu osasambitsa mutu, poopa kuti ingafwanyuke. Poti kukanda ndinali nditasiya, ndinaphunzira luso lija azimayi tonse timalidziwa, lomenya mutu ndi chikhatho. Tsiku lina ndikuphunzitsa alimi kapangidwe ka manyowa, dzanja lina likuloza dzenje, lina likugogoda pamutu, mayi wina wachikulire anakweza mkono mwaulemu. Ndinaganiza kuti ali ndi funso la manyowa. Anati, "Alangizi, kodi m'mutumo muli ndani amene mukumumenya chiyambire m'mawa?" Tsiku lomasula meshiyo, tsitsi la m'mbali mwa mphumi linatsatira ulusi wake n'kupita. Mphumi yanga inakula ndi zala ziwiri ndipo mpaka lero sinabweze malo amene inalanda. Ukapeza wokuluka kumeneko, kaya ndi mtsikana wa ku Zambia kaya wa ku Ghana, umuuze kuti akoke ngati akuluka mwana wake. Zikakupweteka tsiku loyamba, masula tsiku lomwelo, usanene kuti zizolowereka. Zoluka zisapitirire mwezi ndi theka, ndipo ngakhale uli woluka, khungu lizisamba. Mizere ili ngati tinjira ta m'munda, madzi ndi chala zimadutsamo bwinobwino.

Tsopano ndafika pa mlandu umene ndinapalamula pamutu pako, ndipo ndikupempha uwerenge osaseka. Uli Folomu 2 unayamba kudandaula kuyabwa, ndipo timfundu toyera tinayamba kugwera pa kolala ya yunifolomu. Ine ndinachita zimene mayi aliyense wa m'dera lathu lino la 25 akanachita, zimene azakhali anga ankachita, zimene ndinkaona pa khonde lililonse Loweruka: mutu ukayabwa ndiye kuti wauma, ukauma udzozedwe. Ndinkagawa tsitsi lako mzere ndi mzere, n'kumata mafuta olimba aja a m'botolo, pamwamba pake n'kuthira a nsatsi amene anachokera kumudzi. Ndinkachita mwachikondi ndi mwakhama, ngati womanga nyumba wosafuna kusiya mpata. Kuyabwa kukakula, ine n'kuwonjezera. Pilo wako anada ngati nsanza ya pa galaja. Fumbi lonse la malole opita ku Kanengo linkapeza pogona pamutu pako. Nthawi yonseyi nsonga sindinkazikhudza n'komwe, chifukwa ndinkati chomera chimadyera kumizu. Zinkathothoka n'kugwera pa mapewa ako, ine n'kumati ndi chibadwa cha kwa bambo ako.

Amene anandigwira dzanja ndi Anaphiri, mayi uja amaluka pansi pa shedi ya malata kuseri kwa msika. Tinapita kwa iwo chifukwa unali woperekeza mkwatibwi ndipo malukidwe amene anasankhidwa anali opitirira luso langa. Anakukhazika pa mphasa, anagawa tsitsi pakati, anayendetsa chala pakhungu, n'kuchiyang'ana chalacho nthawi yaitali. Kenako anayang'ana ine.

"Amayi, mwanayu mukufuna muzimukazingira mandasi pamutu?"

Azimayi amene ankadikira pa benchi anaseka. Ine ndinakonza chikwama pa phewa n'kuyankha ndi mawu anga a m'misonkhano: "Mutu umamuyabwa, ndiye kuti khungu ndi louma."

"Louma? Ili?" Anandionetsa chala chikunyezimira. Atatero anatola nsonga za tsitsi lako n'kuzifikisa pafupi ndi khutu langa. Zinalira ngati mapesi a m'chilimwe. "Chouma ndi ichi. Kodi inuyo mumagwira ntchito yanji?"

"Ndine mlangizi wa zaulimi."

"Ndiye alimi anuwo mumawauza kuti azithirira padambo kumtunda kukupsa?"

Tadala, ine ndili ndi digiri. Ili mu felemu pabalaza, umaipukuta wekha. Anaphiri anandiuza okha kuti sukulu analekezera Sitandade 5. Koma tsiku limenelo ndinakhala pa benchi ngati mwana wobwereza kalasi, iwo akulongosola uku manja akuluka. Anati khungu la pamutu lili ndi mafuta akeake, limapanga lokha, ndipo lako limapanga ambiri. Kwa anthu a tsitsi lowongoka mafutawo amatsetsereka mosavuta mpaka kunsi. Koma lathuli ndi lopotana, mafuta amayenera kuyenda ngati galimoto pa msewu wa Khwekhwerere, makona okhaokha, ndipo amatopa asanayende kutalika kwa chala. Ndiye amaunjikana pamizu, amasakanikirana ndi thukuta ndi fumbi, mfundu n'kupeza phwando, pamene kunsonga kuli chilala. Mutu umodzi, nyengo ziwiri. Pambuyo pake ndinakafufuza m'mabuku kuti mwina ndiwapeze polakwa Anaphiri. Ndinapeza kuti anthu ophunzira anafunika masamba ambirimbiri kuti anene zimene mayi uja ananena ndi chala chimodzi. Kuyambira tsiku limenelo ndimati ndikagawa tsitsi lako n'kuona kakhungu kaja kakunyezimira, ndimachita mantha pang'ono, kuti thupi la mwana wanga limadziwa ntchito yake popanda kundifunsa ine. Ndiye gwira mawu awa ngakhale ena onse utaiwala: sopo kukhungu, mafuta kunsonga. Ukasinthanitsa, wabwereza kalasi ya amako.

Usaganize kuti ndinachenjera tsiku lomwelo. Nditamva kuti mdani ndi mafuta, ndinalengeza nkhondo. Loweruka lotsatira ndinamasula tsitsi lako lonse, ndinatenga sopo wochapira zovala, ndinaliunjika pamwamba pa mutu n'kulifikisa ngati kolala ya malaya a bambo ako. Linayera, inde. Koma litauma linagwirana ngati thonje la m'matiresi akale, chipeso osalowa, chala osalowa. Lamulungu lonse tinakhala pakhonde lino tikumasula mfundo imodziimodzi, kutchalitchi osapita. Iwe unkalira osatulutsa mawu, ndinkangomva misozi ikundinyowetsa bondo. Tsiku limenelo ndinataya tsitsi lako lodzaza manja awiri, ndipo ndinakalikwirira kuseri kwa nyumba kuti bambo ako asalione n'kuyamba kuyankhula.

Ndiye kasambitsidwe kake ndi aka, ndipo ndikulemba pang'onopang'ono kuti ukawerenge uli chiimire m'bafa. Lisananyowe, ligawe panayi, gawo lililonse uluke momasuka. Tsitsi lalitali likalowa m'madzi lili lomasuka limakhala ngati ana a sukulu opanda mphunzitsi. Madzi akhale ofunda, oti ungasambitsire khanda. Otentha kwambiri amakoma pamene pakuyabwa, ndikudziwa, koma amapsereza khungu n'kuumitsa nsonga. Shampu apite pakhungu pokha, uzilowetsa zala pansi pa zolukazo n'kumasisita mozungulira, malo ndi malo, osaiwala kuseri kwa makutu ndi pankhongo, kumene iwe umatuluka thukuta kwambiri. Nsonga usazifikise. Thovu lotsika potsukuluza limazikwanira. Tsukuluza mpaka utaganiza kuti wamaliza, ndiye utsukuluzenso, chifukwa thovu lotsalira limayabwa kuposa litsiro. Mfundu ikabwerera, gula shampu wothana ndi mfundu, umusiye pakhungu mphindi zimene zalembedwa pa botolo, osati kupaka n'kutsuka nthawi yomweyo ngati ukuthawa mvula. Uzisambitsa kamodzi pa sabata, koma ngati kuyabwa kwayamba tsiku lachinayi, sambitsa tsiku lachinayi. Loweruka linali tsiku langa lopuma kuntchito, si lamulo la Mose.

Ukatero masula gawo limodzi, upake kondishona kuyambira pakati mpaka kunsonga. Khungu lisalawe, lili ndi zake kale. Pesa tsitsi likadali lonyowa ndi loterera, ndi chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga ukukwera pang'onopang'ono. Woyambira kumizu amakankhira mfundo zonse malo amodzi kenako n'kuzidula ndi mkwiyo. Ukapeza mfundo, siya chipeso, umasule ndi zala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukatsukuluza, finya ndi tisheti yakale, osakhula ndi thaulo. Nsonga zikadali ndi chinyontho, paka timadontho ta mafuta a nsatsi kapena a malambe, ndakuikira mabotolo awiri m'nsapato zako m'sutikesi. Mvetsa bwino apa, poti ine zinanditengera zaka: mafuta sanyowetsa tsitsi. Amangotsekera madzi amene alimo kale, monga mmene mapesi ophimbira m'munda amasungira chinyontho. Kuphimbira dothi louma n'kusunga chilala. Pakati pa sabata nsonga zikayamba kulira, waza timadzi kaye, mafuta pambuyo. Ndipo usamange duku kapena kugona khungu lisanaume, chifukwa mutu wonyowa wotsekeredwa umanunkha ngati chimanga choikidwa m'thumba chisanaume, ndipo kuyabwa kumabwera ndi abale ake. Sopo kukhungu, mafuta kunsonga. Ndanena kale, ndikudziwa. Ndidzanenanso.

Kulakwa kwina kunali kwa dyera. Uli Folomu 4 unandionetsa nsonga zikugawanika pawiri ngati lilime la njoka, n'kundipempha kuti ndidulepo. Ndinakana. Ndinkafuna lifike m'chiuno pa tsiku la mphoto kusukulu, kuti mayi wina wa m'kwaya, amene anandiuza kuti tsitsi la munthu wakuda silidutsa mapewa, aone ndi maso ake n'kumeza mawu. Ndinasunga nsonga zakufa miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha mkazi amene mwina anaiwala kuti ananenapo kanthu. Kung'ambikako kunakwera, ndipo m'malo modula chikhadabo chimodzi tinadula kutalika kwa chikhatho chonse. Ndiye usaope sizasi, opa dyera. Miyezi itatu kapena inayi iliyonse uzichotsako pang'ono kunsonga, pamene paoneka popyapyala kapena pogawanika. Sizasiyo ikhale yakuthwa ndipo ikhale ya tsitsi lokha. Ya m'nyumba muno ndinaisiya tsiku limene ndinapeza bambo ako akudulira waya wa wailesi. Waona kuti sindidana ndi kudula. Mlimi amadulira mtengo kuti ubale bwino. Koma pali kusiyana pakati pa kudulira ndi kugwetsa.

Za ku China sindikunamiza, sindinafikeko, ndipo chisanu chimene ndimachidziwa ine ndi cha ku Dedza mu Juni. Koma ndikumva kuti kumeneko m'nyumba amatenthetsa mpweya mpaka milomo kung'ambika, ndipo panja munthu sayenda wopanda chipewa cha ubweya. Zonse ziwirizi ndi adani a nsonga. Ndakusokera maduku atatu a nsalu yoterera, ina yotsala pa diresi langa la ukwati wa msuweni wako. Limodzi uzigonera, lina lizikhala pansi pa chipewa, lachitatu lizikhala lochapa. Inde, lochapa. Duku, pilo ndi chipeso zimasunga mafuta a sabata yatha n'kukubwezera mutu ukangoyera. Kukazizira udzachita ulesi kusambitsa mutu, udzati sindinatuluke thukuta. Khungu lako silidziwa kuti kunja kuli chisanu, lizipangabe mafuta ake ngati lili mu 25 momwe muno. Nsonga uzizipinda n'kuzibisa mkati, zisamakhulane ndi kolala ya jekete. Ndipo ukadzaona zilonda, mafinya, kapena tsitsi likuchoka malo amodzi mozungulira ngati chipere, usandiimbire ine kuti ndikuuze za masamba. Pita kuchipatala tsiku lomwelo, ukaloze ndi chala ngati chinenero chavuta. Anthu kumeneko adzafuna kuligwira. Ena adzafunsa ngati ndi lenileni. Uwayankhe mwaulemu, koma dzanja la mlendo lisalowe pamutu pako popanda chilolezo, ngakhale akhale mphunzitsi wamkulu.

Tsopano ndatsala ndi kulakwa kumodzi, ndipo ndakhala ndikukuzungulira masamba onsewa ngati minibasi yozemba apolisi. Uli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, Loweruka lina uli pakati pa maondo anga, unatambasula dzanja cha kumbuyo n'kunena kuti, "Amayi, ndipatseni chipeso ndiyeseko ndekha." Ndinakumenya kadzanjako n'kunena kuti, "Uliwononga." Unapemphanso kawiri chaka chimenecho, ndipo kawiri konse ndinapeza chifukwa, tsiku lina nthawi, tsiku lina madzi ochepa pa mpopi. Kenako unasiya kupempha.

Sikuti ndinkaopa kuti uliwononga. Ndi manja ako amenewo unakonza ayironi imene inawagonjetsa bambo ako. Chimene ndinkaopa ndi china. Iwe ndiwe mwana wosayankhula. Ndikakufunsa patebulo kuti kusukulu kunali bwanji, umati "bwinobwino" n'kupitiriza kudya. Koma ukakhala pa mphasa, nkhope utayang'ana kumpanda, zala zanga zili m'tsitsi lako, pakamwa pako pamatseguka pokha. Ndi pamenepo pamene ndinamva za mphunzitsi amene ankakunyoza pamaso pa anzako. Ndi pamenepo pamene ndinamva za mnyamata wa gitala uja, ndipo ndinapitiriza kupesa ngati sindinamve. Ndi pamenepo pamene unandiuza kuti ukuopa kulephera masamu, iwe amene lero ukukwera ndege chifukwa cha masamu omwewo. Ndinkadziwa kuti tsiku limene udzadziwe kusamala mutu wako wekha, udzatseka chitseko cha bafa, ndipo ine ndidzatsala ndi "bwinobwino" wa patebulo. Ndiye ndinakubisira. Ndinachita ngati wogulitsa mbewu ija yoti sungasunge yobzala chaka chamawa, kuti uzibwerabe kwa iye. Ine amene ndimauza alimi tsiku ndi tsiku kuti mlangizi wabwino ndi amene amaphunzitsa mpaka asafunikenso, kunyumba kwanga ndinachita zosiyana, ndipo ndinazitcha chikondi. Chinali chikondi ndithu, koma cha dyera. Dzulo pamene unati "sindidziwa", sindinakwiyire iwe. Ndinamva ntchito ya manja anga ikundiyankha.

Ndiye tichite chonchi. Ukabwerako ku tauni upeza madzi ali pa mbaula, beseni lili kuseri, shampu, kondishona ndi chipeso zili pa mpando. Usambitsa wekha, kuyambira kugawa mpaka kupinda nsonga. Ine ndikhala pa ndowa chapatali, manja nditawakhalira. Ukalakwitsa ndiyankhula, poti za pakamwa sindinalonjeze kanthu ndipo sindingayambe lero. Koma sindikhudza. Ngakhale uyambire kupesa kumizu, ngakhale thovu likulowe m'maso, sindikhudza. Zikatenga maola atatu, zitenge, sutikesi yatsekedwa kale.

Ukamaliza, mutu utauma, ukadziyang'ane pa galasi n'kuganiza wekha. Ngati mawa m'mawa ukufunabe mpala, ndikuperekeza ndekha kwa ometa, ndikunyamulira chikwama, ndipo ndiyesetsa kuti ndisatukwane munthu wosalakwa. Mutu ndi wako, ndipo ndikudziwa kuti ngakhale wometa udzakhala wokongola moti ndidzakwiya nazo. Koma ukamete chifukwa wafuna, osati chifukwa amako anakubisira chipeso. Ndipo ukalisunga, Loweruka lina ukadzakhala pansi m'chipinda chako kumeneko ukumasula mfundo, udzaike foni pambali n'kundiimbira. Usadzayatse kamera. Udzayang'ane kukhoma, zala zili m'tsitsi, uzingoyankhula. Ine ndidzamvera.

Ndamva geti likulira, mwina ndiwe. Ndipinda kalatayi ndiike pa bedi lako, ndipo ndikakhala kuseri ngati sindikudziwa kanthu. Bwera ukawerenga. Zaka zonsezi ndaliona tsitsi limenelo lili m'manja mwanga, ndipo ndinkayesa kuti palibe chodabwitsa choposa pamenepo. Lero, ndege isanakutenge, ndikufuna ndilione lili m'manja mwa mwini wake.

Ndine amako,
amene avomera kulakwa lero lokha, ndiye usazolowere.